Kora Zisanu za Hotela Yatsopano

"Ndalama za sukulu yanu ya nyimbo sizinabedwe, a Kanuteh," anatero a Ceesay, wapampando wa khonsolo. "Tazipereka kwa omanga hotela yatsopano kugombe kuja. Iwo alonjeza kusamalira chikhalidwe chathu."

A Nfamara Kanuteh anali jali, woimba wobadwira m'banja la oimba. Ankaphunzitsa ana khumi ndi awiri kuimba kora, zeze wamkulu wa nsambo zambiri, koma mwini nyumba imene ankaphunzitsiramo anali atawauza kuti asamuke mwezi ukatha.

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike," anayankha a Kanuteh. "Ndiwauza anawo kuti aziphunzirira pamsewu, chikhalidwe chapeza chipinda choyang'ana kunyanja."

"Musanyoze, Jali. Pitani mawa, akukufunani kumeneko."

M'mawa mwake a Kanuteh anavala mkanjo wawo wopitira kumzikiti Lachisanu, nanyamula kora imene bambo awo ankatamandira nayo mabanja paukwati. Bwana wa hotela, a Njie, anawalandira ndi manja awiri.

"Tikufuna zisanu ngati imeneyi, Jali."

Mtima wa a Kanuteh unagunda. "Oimba asanu ndili nawo, bwana. Tiyambe liti?"

"Ayi, kora zokha, zopachika pakhoma apo. Nyimbo tili nazo kale." A Njie analoza kabokosi kolira kudenga.

"Nanga aziziimba ndani?"

"Palibe amene azizivutitsa, musadandaule. Koma chonde muchotseretu nsambozo. Ana a alendo amakonda kuzikoka, ndiye phokoso lake limasokoneza anthu akamadya."