Magazi a Amake Nkole

Panali bambo wina ku Matero, mu Lusaka, dzina lake Wilbroad. Akuti zimenezi zinachitikadi, zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito. Nayenso anachotsedwa, koma ndalama zomwe anampatsa anagulira minibasi yakale, n'kumanyamula anthu kupita m'tauni. Anali munthu wamakani, koma mkazi wake Justina, yemwe ankamutchula kuti Amake Nkole, ankamukonda ngati anakwatirana dzulo. Sankalowa m'nyumba chimanjamanja. Kaya ndi nthochi, kaya ndi juzi ya pa salaula, pamsika wa zovala zakaunjika, ankabwera nako kanthu.

Pafupi nawo pankakhala mayi wachisilamu, telala, dzina lake Kulthum. Mwana wake Hakim anamwalira ndi khansa ya m'magazi. Maliro atatha, mayiyu anasonkhanitsa amayi anzake, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe. Ankasoka madiresi a ana, kukazinga zitumbuwa, ndi kuyenda ndi zitini pamsika. Zonse zomwe ankapeza ankakapereka kwa madokotala a pachipatala chachikulu amene ankafufuza za matendawa.

Tsiku lina Kulthum anamupeza Wilbroad pasiteji.

"Batate ake Nkole, ponyaniko kangachepe. Madokotala afuna kuziba bwino chamene chinapaya mwana wanga, kuti bana ba anzathu akapulumuke."

"Awe, Amake Hakim, ine nakana," anatero Wilbroad. "Vamagazi ivi ni va usatana. Mufuna kutigulisa?"

Sanathere pomwepo. Aliyense wokwera minibasi yake ankamuuza kuti asamale ndi amayi a zitini.

Patapita nthawi, Justina anayamba kufooka. Ankakha kamfuno pafupipafupi, m'kamwa n'kumatuluka magazi, pakhungu n'kumaoneka mawanga akuda ngati wamenyedwa. Anthu anayamba kunong'ona kuti ndi kaliwondewonde. Kulthum anapita kukamuona. Atayang'ana usinini wake, nkhope ya Kulthum inagwa.

"Hakim anayamba so," anauza Wilbroad panja. "Napapata, mupelekeni ku chipatala lelo."

"Kuti bakamumalize magazi? Nizamusamala neka."

Masiku omwewo m'minibasi munakwera bambo wa suti, wonyamula chikwama. Atamva Wilbroad akudandaula za mkazi wake, anatulutsa botolo la mankhwala ofiira.

"Aya achoka kunja, ba bosi. Manje vinthu vabwino vilowa m'ziko. Asuka magazi onse. Koma musamupeleke ku chipatala, bazasokoneza."

Wilbroad anagula. Botolo litatha anagula lina, mtengo n'kumakwera. Kenako anagulitsa minibasi kuti agule katoni yonse. Bambo wa suti analandira ndalama, nati apita kukatenga katunduyo. Sanaonekenso.

M'mawa wina Justina anagwa pakhomo akusesa. Wilbroad anathamangira kwa munthu yemwe uja ankamunyoza.

"Amake Hakim, nithandizeni! Amake Nkole akomoka!"

Kulthum sanafunse kanthu. Anasiya makina, anapeza galimoto, onse n'kupita kuchipatala. Dokotala atapima anati ndi khansa ya m'magazi, ndipo m'botolo lija munali madzi a shuga othira utoto.

"Mwachedwa naye, bambo," anatero dokotala. "Kuchiza sitingalonjeze. Matendawa tikuwaphunzirabe, n'chifukwa chake tikufufuza. Koma tingamuonjezere masiku. Choyamba akufunika magazi, ndipo kuno ndi ochepa."

Wilbroad anakhala pansi n'kugwira mutu. Abale ake anali kutali, anzake a pasiteji anali atawaopseza yekha za magazi.

Madzulo asanakwane, m'khonde la chipatala munadzaza amayi a ku Matero, ena ovala mipango yakumzikiti, ena mayunifolomu a chigwirizano. Kulthum anali atayenda khomo ndi khomo. Mmodzimmodzi ankalowa, kupinda dzanja la bulauzi, n'kutuluka atagwira thonje pamkono.

"Nanga imwe?" Kulthum anamufunsa. "Mukazi ni wanu."

Wilbroad analowa mwamphamvu ngati msilikali. Atangoona jakisoni, maso anatembenuka, chimunthu chonse chija n'kugwa pansi, khu! Anamwino anachita kumukupiza ndi katoni. Atatsitsimuka anagona pabedi, n'kutseka maso.

"Tengani, sisita. Koma musaniuze pamene muyamba."

Nkhani itamufika Justina kuwodi, anaseka mpaka misozi, koyamba pa miyezi yambiri.

"Batate ake Nkole, imwe bamene muyofya bakaponya boitanila ma basi pa siteji?"

"Seka chabe, mukazi wanga," anayankha Wilbroad, atamugwira dzanja. "Ngati ufuna, nizakomoka futi mailo."

Justina sanachire. Koma ndi chithandizo chija anakhalabe ndi moyo nyengo ziwiri za mvula. Wilbroad anapeza ntchito yoyendetsa minibasi ya munthu wina, ndipo tsiku lopuma ankayenda ndi amayi aja pamsika, kupepesa ndi kupempha. Justina anaona ukwati wa mwana wawo Nkole, anavinako pang'ono atatsamira paphewa la mwamuna wake. Anamwalira kunyumba kwake, Wilbroad akumusisita mapazi.

Pamaliro, mkulu wa mpingo anapempha Wilbroad kuti anenepo mawu. Anaimirira, n'kuyang'ana amayi amene anakhala pansi mozungulira bokosi.

"Ine ninachedwa naye," anatero. "Masiku yonse yamene ninakhala naye pambuyo pake, ni imwe munanipasa."

Phunziro: Usanyoze anthu amene akusonkhetsa thandizo la matenda omwe sanafike pakhomo pako, ndipo usamvere mlendo wokuletsa kupita kuchipatala. Wokondedwa wako akayamba kufooka ndi kutuluka magazi osadziwika bwino, thamangira naye kwa dokotala. Ukatha kupereka kangachepe kothandiza kafukufuku, pereka. Ukatha kupereka magazi, pereka. Ukatha kuwerenga nkhaniyi, usaisunge wekha, patsirako abale ndi anansi.