Fomu Inalibe Funso Limenelo

Panali munthu wina pa fakitale yosoka mayunifolomu, ntchito yake inali yoona za chitetezo. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine yandidwalitsa mutu.

M'mawa uliwonse mkuluyu ankazungulira ndi fomu ya mafunso khumi, n'kumachonga. Chozimitsira moto chilipo? Chonga. Chitseko chothawira pangozi chilipo? Chonga. Chikwangwani chake chikuoneka? Chonga. Osoka anam'patsa dzina loti a Chongani, eni ake n'kumanyadira ngati awakweza pantchito.

Tsiku lina mlamu wawo, mayi yemwe ankasoka pomwepo, anawakoka shati.

"Alamu, tabwerani muone. Chitseko chanuchi sichikutseguka. Kuseri kwake aunjikako mabelo a nsalu mpaka kudenga."

"Fomu ikufunsa ngati chitseko chilipo. Kodi palibe?"

"Chilipo, koma..."

"Nanga mukufuna ndilembe chiyani? Za mabelo zili ndi eni ake. Ndikaziyamba ndiona msana wa njira."

"Alamu, mwana wanu wamkazi wachisamba amasoka pafupi ndi chitseko chomwechi. Ntchitoyi munam'pezera ndinu."

"Inu, zaka khumi ndi ziwiri ndili pano, fomu yanga sinabwezedwepo."

Mayiyo anakadandaula ku ofesi, anamuuza kuti alembe kalata. Analemba. Mwa lamulo kalatayo inafikira kwa a Chongani omwewo. Anaidinda bwinobwino, n'kuiika mu fayilo yodikira msonkhano wa kumapeto kwa mwezi.

Mwezi sunathe. Lachinayi lina masana waya wamagetsi unathetheka pakhomo lalikulu, nsalu zinagwira moto. Osoka anathamangira ku chitseko chothawira chija, poti chikwangwani chinkaonekadi. Anakankha, anamenya, anakuwa. A Chongani anali kuseri kwa chitsekocho, akukoka mabelo ndi manja uku akuitana mwana wawo. Pomwe ozimitsa moto ankaboola khoma, n'kuti anthu asanu ndi awiri atatsamwitsidwa ndi utsi. Mwana wa a Chongani anali mmodzi mwa omwalirawo, anam'peza atatsamira chitseko.

Ofufuza anabwera n'kuwerenga mafomu onse a zaka khumi ndi ziwiri. Sanapeze cholakwa ngakhale chimodzi. Palibe anamangidwa, palibe anachotsedwa ntchito. Chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri.

Maliro atatha, mkazi wa a Chongani anawafunsa funso limodzi lokha.

"Bambo ake, m'mawa wa tsiku lija, pa chitseko paja munachonga?"

"Ndinachonga."

Mpaka lero nyumba imeneyo simumveka kuseka.

Phunziro: M'Chingerezi khalidwe limeneli amalitcha "box-ticking", kutanthauza kungochonga m'timabokosi kuti pepala lioneke labwino pamene cholinga cha lamulolo chatayidwa. Si mawu oyamikira ayi. Wina akakuuzani choncho, akukuuzani kuti ntchito yanu ndi yachiphamaso. Musanachonge, kankhani kaye chitseko. Nkhaniyi tumizirani aliyense amene amagwira fomu ndi chidindo, mwina aiwerenga nthawi isanathe.