Zala Zowongoka za Nankhoma

Chaka chimene zala za Nankhoma zinawongoka ndi chomwenso amuna ake, a Gwaza, anagwidwa ndi chifuwa chachikulu.

Kuchipatala anamuuza Nankhoma kuti nyamakazi ndiyo inapinda zala zake: m'thupi mwake muli timapuloteni tokhala ngati akapitawo, tolamula mfundo kuti zitupe. Anamubaya mankhwala otigonetsa, nyamakazi ija n'kutheratu. Koma akapitawo omwewo ndi amene amadzutsa thupi kuti lilimbane ndi matenda, choncho lamulo linali lakuti wobayidwa asakhudze wodwala. Akangokhudza, kachibangili kamene achipatala anamuveka pamkono kamalira, ndipo sadzabayidwanso.

Motero phala ankalikankhira m'chipinda cha amuna akewo ndi mpini wa khasu, iye n'kumagona kukhitchini.

Loweruka lina kunafika a Esinati, mlongo wawo wa a Gwaza, amene za mankhwalawo anali asanamve. Anapeza achimwene awo ali thukuta lokhalokha, zofunda zikununkha.

"Alamu," anatero a Esinati, "munthuyu anasamba liti?"

Nankhoma anazolika. Akanati chiyani? Kuti bambo amene ankamumanga chitenje ndi kumupesa tsitsi zaka zonse zija wawasinthanitsa ndi zala? Anakwezera kachibangili kaja m'mkono wa juzi, n'kupinda zala zake monga zinalili kale, nazionetsa kwa alamu akewo.

"Pepani alamu, ndinaiwala," anatero a Esinati mwachifundo, akutola beseni. "Khalani pansi, ndiwasambitsa ndine."

Ali gone pamphasa paja, a Gwaza anaziyang'ana zalazo, n'kutembenukira kukhoma.