Matisheti Amene Anaopa Machesi

Panali munthu wina wodinda zolemba pa matisheti. Anthu ankamutcha Pompopompo, chifukwa kasitomala aliyense akafunsa kuti ntchito itha liti, yankho lake linali lomwelo. Amene anaiona nkhaniyi ndi maso, mpaka lero akamaifotokoza amapukusa mutu.

Tsiku lina kushopu kwake kunabwera atsogoleri a gulu la alimi a thonje. Ankafuna matisheti oyera mazana awiri oti adzavale mwezi wotsatira potsegulira nyumba yawo yatsopano yosungiramo thonje. Chinthu chimodzi anachibwereza katatu: matishetiwo akhale a thonje lenileni, osokedwa m'dziko momwemo. Kumsana kudindidwe mawu akuti "Tavala zimene tinalima."

Pompopompo anali ndi chemwali wake wamkulu, yemwe anamulera makolo awo atamwalira. Mayiyu ankasoka matisheti opanda zolemba pamodzi ndi amayi anzake asanu, m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya matayala. Nsalu ankakagula kufakitale imodzi yokha imene inatsala yoluka thonje la m'dzikomo. Koma ntchito inali itasowa. Makina awiri anali atafunditsidwa kale, ndipo amayiwo anali atagwirizana kuti mwezi umenewo ukatha osagulitsa kanthu, atseka.

Mchimwene wake atabwera ndi nkhaniyi, mayiyo anaseka mpaka kugwetsa sizasi. Anati ampatse masabata atatu. Pompopompo anakwinya nkhope n'kunena kuti atatu achuluka.

"Iwe, thonjelo limakhala miyezi ingati m'munda? Masabata atatu akupha?" anatero chemwali wakeyo.

Pompopompo anavomera. Tsiku lomwelo amayi aja anavundukula makina, anagula nsalu, n'kuyamba kudula.

M'mawa mwake kushopu kwa Pompopompo kunaima galimoto. Munatuluka bambo wina wa jekete lonyezimira, amene sanamuonepo chibadwire. Anatsegula katoni: matisheti oyera mbee, pakhosi pali lebulo yoti "Chopangidwa konkuno." Mtengo unali wotsika, ndipo katundu yense anali pomwepo.

Tsono pamene pakupsetsa mtima ndi apa. Pompopompo sanali mbuli. Chemwali wake anamuphunzitsa kalekale kuti tisheti umaitembenuza n'kuyang'ana msoko wa pakhosi. Anatembenuzadi. Pansi pa lebulo anaona timabowo ta singano pamene panasomoledwa lebulo ina. Anaona, n'kuyang'ana kumbali, n'kugula matisheti onse mazana awiri. Ataika tisheti yoyamba pamakina otentha odindira, nsalu inanyezimira, inakwinyika, n'kununkha ngati pulasitiki wapsa. Thonje silitero, ndipo iye ankadziwa. Koma anangochepetsa moto kuti nsalu isasungunuke, akudziwanso bwino kuti penti popanda moto wokwanira sagwira. Masiku anayi okha, ntchito yonse inatha.

Pompopompo sanamuuze chemwali wake za matisheti amene anagulawo. Foni ikalira, ankangoiyang'ana mpaka isiye. Mayiyo atabwera yekha kudzanena kuti matisheti atha, iye anabisala kuseri kwa makatoni n'kuuza wometa tsitsi wa shopu yoyandikana kuti anene kuti wachoka.

Tsiku la mwambo linafika, dzuwa lili ng'aa. Pompopompo anakhala kutsogolo ngati mlendo wolemekezeka. Wolankhula wachiwiri asanamalize, alimi anali atayamba kudzikupiza, thukuta lili kamukamu, ngati awakulunga m'matumba. Zilembo zinayamba kuyenderera m'misana ngati zikulira.

Apo panaimirira mayi wina wachikulire amene wathyola thonje zaka makumi anayi. Anasolola ulusi m'munsi mwa tisheti yake, anabwereka machesi, n'kumuitana Pompopompo pamaso pa anthu onse. Anayamba watsina thonje pang'ono m'thumba n'kuliyatsa. Linapsa bwinobwino, phulusa lake lofewa n'kuuluka ndi mphepo. Kenaka anayatsa ulusi uja. Unathawa moto, unadzipinda, n'kusanduka kampira kakuda kolimba.

"Mwanawe, tandiyankha," anatero mayiyo. "Dzina la kuno, thupi la kutali, chikaona moto chimadzipinda. N'chiyani chimenecho?"

Kenaka mayiyo anaonjezera:

"Ife manja anatha ndi thonje. Iwe n'kutiveka pulasitiki pakhomo pa thonje lathu lomwe?"

Pompopompo anayesa kunena kuti nayenso anapusitsidwa. Anaimba nambala ya bambo wa jekete uja, koma inali yozima. Analonjeza kuti abweretsa ena enieni pompopompo. Atsogoleri aja anamuyankha kuti chilichonse chodzera m'manja mwake, kapena mwa m'bale wake aliyense, sachifunanso.

Pompopompo anathamangira kuseri kwa sitolo ya matayala. Anapeza makina osokera akukwezedwa m'galimoto ya munthu amene anawagula. Amayi asanu aja anali atabalalika kale. Chemwali wake anali atakhala pampando umodzi umene unatsala, pambali pake pali matisheti mazana awiri opindidwa bwino, oyera ngati mitambo yotsikira m'chipinda.

"Achemwali, ndalakwa," anatero, misozi ikutsika.

Mayiyo sanakalipe. Anatenga tisheti ya pamwamba n'kumuponyera.

"Pukutira imeneyo, achimwene. Yathuyi imamwa madzi."

Phunziro: Lebulo imasokedwa ndi munthu aliyense wokhala ndi singano. Mukafuna chovala chopangidwa kwanu, pitani mukaone manja amene akuchisoka, ndipo muwadikire amalize. Choipa koposa si kupusitsidwa ayi, koma kuliona bodza ndi maso ako n'kuliveka anthu ena. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka aja othamanga, chipinda china chisanatsekedwe.