Chipinda Choyang'ana Kuphiri

Nditatsegula chitseko cha chipinda cha amayi, ndinapeza ana awiri achilendo akudumphadumpha pabedi lomwe bambo anatsirizikirapo.

"Tseka, Gertraud! Ndi alendo olipira amenewo," anatero achimwene anga a Lorenz kumbuyo kwanga. "Amayi ali pansi."

"Pansi pake pati, achimwene?"

"Usayambe. Wangofika kumene ndi masutikesi akowo. Mudzi wonse uno umatero nyengo yozizira. Chipinda choyang'ana kuphiri chimakhala cha alendo, eni nyumba amatsikira kunsi. Chisanu chikatha adzabwereramo."

Ndinatsika masitepe. M'chipinda cha pansi pa nyumba, momwe alendo amaumitsira nsapato zawo akachoka kumasewera otsetsereka pa chipale chofewa kuphiri, munkanunkha masokosi onyowa. Bedi la amayi linali pakona, kuseri kwa katani. Kawindo kake kanali katakwiririka ndi chipale chofewa.

Ndinawapeza akutembenuza tinsapato ta ana a eni pa paipi yotentha.

"Amayi, nyamukani. Tikupita kwanga lero lomwe."

"Tsitsa mawu, mwanawe, alendo angamve. Kuno n'kofunda bwino. Mlongo wako Lorenz sanalakwe."

Pamwamba pathu ana aja ankaseka, mapazi ali di! di! di!

Amayi anandigwira mkono wa jekete n'kusasapo tizidutswa toyera ta chipale chofewa tomwe tinali tisanasungunuke. Anatiyang'anitsitsa pachikhatho mpaka tinasanduka madzi.

"Iwe wachokera panja," anatero. "Tandiuza, phiri layera bwino chaka chino?"