Sefa ya a Dona Hilda

Madzi a pachitsime cha kumunsi kwa phiri ankafika ofiira ngati thobwa la mawere, ndipo a Dona Hilda akangowayang'ana, chilakolako cha tiyi chinkathera pomwepo. Iwo ndi amuna awo, mzungu wokumba mijigo, anali atangofika kumene ku Dowa. Nyumba imene anapatsidwa inalibe magetsi, inalibenso mpopi. Firiji inali ya parafini, yofuka utsi ikangopendama pang'ono. Madzi osamba ankatenthetsa ndi nkhuni m'dramu la kuseri. Sefa yamadzi imene anachoka nayo kwawo inaswekera m'mabampu a msewu wa ku Mponela. Woyendetsa zonsezi anali Benjamini, khukhi wa panyumbapo.

Rebeka, wochapa zovala, ankadana naye Benjamini, chidani choti ngakhale moni wake unkamuwawa. Ukhukhiwo unali wa mwamuna wake, Agustino, pa nthawi ya mzungu woyamba. Chaka chathacho wina anakanena kuchipani kuti Agustino wanyoza khadi lachipani, ati wanena kuti khadi siliphika ndiwo. Galimoto inabwera n'kumutenga, ndipo palibe ankadziwa ndende imene anakamutaya. Sabata isanathe, Benjamini anali atavala epuloni ya Agustino. Rebeka akulira kumudzi, mayi ake anangomufunsa kuti, "Wapindula ndani?" Funsolo silinafune mphunzitsi.

Chonyansa kwambiri n'chakuti ntchito yochapayo anamupezera ndi Benjamini yemweyo. Ankamusungiranso buledi wotsala kuti akapatse Roza, mwana wake. Rebeka ankalandira ndi manja awiri, mtima ukutukwana. Mfiti imalira kwambiri pamaliro, ankatero chamumtima. Analumbira kuti galimoto imene inatenga Agustino idzabweranso, ndipo idzaima pakhomo pomwepa.

Mwayi unabwera ndi a Dona. M'mawa wina anamuonetsa kapu ya madzi, nkhope atakwinya.

"Rebeka, madzi matope. Sefa palibe. Tichita chiyani?" anafunsa m'Chichewa chawo chothyokathyoka.

"Ndikusokerani ya nsalu, Dona," anayankha Rebeka.

M'bokosi mwake munali nsalu yachipani, ija amayi ankavala kokavina, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Masiku amenewo ngakhale kukhalira nkhopeyo pansi unali mlandu, moti amayi ankatembenuza nsalu asanakhale. Rebeka anadula pomwe panali nkhopepo, n'kuika chidutswacho pakati pa nsalu ziwiri za thumba la ufa. Anasoka mozungulira, msoko wothina, osasiya pobisalira nyerere. Kunja kwake inkangooneka nsalu yoyera, yochindikala bwino.

Benjamini ataiona anasangalala ngati wapatsidwa mphatso.

"Amake Roza, manja muli nawo," anatero.

Kuyambira tsikulo ankaimanga pakamwa pa ndowa m'mawa uliwonse, n'kuthira madzi amatope aja. Akatha ankaifinya, kuimenya pamwala, n'kuiyanika pachingwe. Madzi anayeradi. A Dona anayamba kumwa tiyi akuimba, mpaka anauza azungu anzawo a ku Ntchisi kuti adzaone luso la m'khitchini mwawo. Rebeka ankangoyang'anira pabeseni lake. Kumenya kulikonse pamwala paja kunkamukomera, koma sanapupulume. Anadikira kuti matope alowerere, kuti pasadzapezeke wonena kuti nsaluyo yabwera dzulo. Kenako anatsikira kwa a Vinsenti, tcheyamani wa anyamata a chipani, n'kuwanong'oneza zimene khukhi wa azungu amachita ndi nkhope ya mtsogoleri.

A Vinsenti ndi anyamata awo anafika masana, dzuwa lili paliwombo, malaya awo ofiira akuonekera patali. A Dona anali chogwada kuseri kwa firiji, akudula nsonga yopsa ya chingwe choyatsira firijiyo monga Benjamini anawaphunzitsira. A Vinsenti sanapereke moni. Analunjika pachingwe choyanikira, anathothola sefa ija n'kuing'amba ndi mpeni. Nkhope inatuluka, yofiira ndi matope, yothetheka pamphumi.

"Amasefa madzi pano ndani?" anafunsa a Vinsenti.

"Ndine," anayankha Benjamini.

"Nanga wasoka ichi ndani?"

Benjamini anayang'ana msoko uja. Anayang'ana Rebeka, yemwe anali ataima ndi thovu la sopo m'manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndine ndemwe," anatero.

Khofi loyamba linamugwetsa pansi. A Dona anatuluka akukuwa, Chingerezi ndi Chichewa zikusakanikirana, koma anauzidwa kuti atseke pakamwa, za iwo zikakambidwa kwina ndipo ayambiretu kulongedza katundu. Benjamini anamuponya m'galimoto epuloni ili m'thupi, nsapato imodzi itatsalira pakhomo la khitchini.

Rebeka sanamve chisoni ngakhale pang'ono, ndipo tisamunamizire. Anamva kukoma. Bodza lomwe Benjamini anadzinenera silinamusunthe: wakuba akagwidwa amavomera ndi mbuzi yomwe sanabe. Akalawe nayenso, mkazi wake adziwe kukula kwa mphasa ukagonapo wekha. Kwa nthawi yoyamba chichokere Agustino, anapuma mpweya wofika pansi pa chifuwa.

Galimoto italira, a Vinsenti anabwerera pabeseni paja, akupinda mpeni wawo. Tsopano ankamwetulira.

"Mwagwira ntchito, mayi. Banja lanu ndi lodalirika, mwatengera mayi anu," anatero. "Chaka chatha, akanapanda iwo kubwera okha ndi miyendo yawo kudzatiuza za mkamwini wawo uja, Agustino, ifetu sitikanadziwa kanthu."