Chitsekelo Chopindika

Chitsekelo chopindika chitangolowa pa waya, mzele wonse unakhota.

Margarida Njobvu, mphunzitsi wa sayansi ku Nyimba, anali atatuma ana a Giledi 12 kukatola zitsekelo za mabotolo kumsika. Anaziboola pakati, ndipo anawo ankazitunga pa waya, chilichonse kukhala m'kamwa mwa chinzake.

"M'minofu yanu mulinso tizidutswa totele, dzina lake akitini," anatelo. "Tonse timayang'ana kumodzi, kena kugwila kanzake. Mizele iwili ikapotana, ndiwo ulusi umene mnofu umakokapo."

Natasha, mtsikana amene anatunga chopindikacho, anachikanikiza ndi chala, koma chinakana kukhala. Zonse zobwela pambuyo pake zinapendekeka.

"Nanga Madamu, m'thupi kakapindika, amakachotsa bwanji?" anafunsa Natasha.

Choko chinathyoka m'dzanja la Margarida. Dokotala wa ku Lusaka anali atamujambulila zomwezi pofotokoza matenda a Aaron wake, amene anali pamiyendo, mwana wamsinkhu wokwawa koma khosi lili lende. Apongozi ake ku Ndake sankafuna kumva za ulusi. Ankangoti wina m'banjamo sanadzisunge, ndiye anam'dula mwanayo, ndipo ponena zimenezo maso ankakhala pa iye.

"Sachotsa," anayankha, mawu atatsika. "Thupilo limangopanga tina topindika chimodzimodzi."

Ana atatuluka kukapuma, Margarida anasolola chitsekelo chija n'kuyamba kuchiwongola ndi zala. Mano a chitsekelocho anamucheka, magazi n'kudonthela pa choko.

Belu lolowela linamupeza akuchiwongolabe.